Kachilonda Kakuda Kuseri kwa Bondo

Kwathu ku Domasi, m'munsi mwa phiri la Malosa, nkhupakupa tinkaziona ngati vuto la ng'ombe ndi agalu basi. Amalume athu atayamba kutentha thupi ndi kumva mutu, tonse tinati ndi malungo. Atayezetsa, malungo sanapezeke, ndipo tinangowagulira panado pagolosale.

Patatha mlungu umodzi, kapu ya tiyi inawapulumuka m'mawa. Pakamwa panakhota, mawu osamveka. Anali ndi zaka 41 zokha, BP analibe. Achibale ena anayamba kunong'ona za ufiti ndi mkangano wa munda. Tikanawamvera, tsiku lonse likanathera kwa sing'anga. Agogo anakanitsitsa, ndipo tinapeza galimoto yopita ku Zomba Central Hospital.

Adokotala ndi amene anaona kachilonda kakuda kuseri kwa bondo, pamene nkhupakupa inaluma. Anatifotokozera kuti tizilombo ta Rickettsia timalowa m'mitsempha ya magazi n'kuitupitsa. Ngakhale sizichitika kawirikawiri, mtsempha wa muubongo ungatsekeke, munthu n'kuchita sitiroko. Ku Ulaya ndi ku America, matenda a Lyme, ofalitsidwanso ndi nkhupakupa, amatha kuchita zomwezo. Amalume anawapatsa doxycycline, kenako anayamba mafizo.

Lero akuyenda ndi ndodo, koma khasu silinabwererebe m'manja mwawo. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana amene akaweruka amakaweta ng'ombe kudambo. Tidzawauza kuti pakamwa pakakhota kapena mkono ukafooka, athamangire kuchipatala ola lomwelo, ndipo akanenenso chimene chinawaluma.