Andiika Kutsogolo pa AI: Kabuku ka Mlembi wa Alonda ku Chainda

Seputembala 2024, koyambirira

Ntchito yanga ndi yolemba. Pa kampani yathu ya alonda, imene ofesi yake ili m'mphepete mwa Chainda, chilichonse chopita kwa antchito chimadutsa m'manja mwanga: chidziwitso cha malipiro, ndandanda ya mashifiti, uthenga wa maliro, kalata yochenjeza wopezeka akusinza pa geti. Alonda athu ambiri amakhala momwe muno m'komboni, ena ku Kamanga ndi ku Mtendere, ndipo amalondera kumayadi a ku Ibex Hill ndi Avondale.

Lolemba abwana abwera kuchokera ku msonkhano wina m'tauni mutu uli moto. "Ba madam, kuyambira lero za AI muzititsogolera ndinu. Si ndinu a mauthenga?" Ndavomera ndi manja awiri, madzulo n'kupita kukafunsa mwana wa mkulu wanga wa Giredi 11 kuti AI n'chiyani.

Zimene ndatolapo ndi izi. Ndi pulogalamu imene anaidyetsa zolembedwa zosawerengeka za pa intaneti ndi m'mabuku, mpaka inazolowera kuti mawu akutiakuti amatsatidwa ndi ati. Ukailembera, imalosera mawu oyenera kubwera, amodzi pambuyo pa anzake, mpaka kalata itakwana. Ndiyo amati generative AI: siikulozera tsamba limene lilipo kale, imapanga zake pomwepo. ChatGPT ya kampani ya OpenAI inatuluka pa 30 Novembala 2022. Google ili ndi Gemini, Microsoft ili ndi Copilot. Ndipo kamphete kabuluu kaja ka pa WhatsApp, kamene ndakhala ndikukalambalala poopa kuti kandidyera bando, ndi Meta AI, imene inatsegulidwa m'Zambia ndi m'Malawi mu Epulo chaka chino. Ndiye kuti chinthucho ndakhala ndikuyenda nacho m'chikwama miyezi yonseyi.

Seputembala, pakati

Sukulu yanga ikuyendera malaiti. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo mwezi uno magetsi akuthima maola ofika 21 pa tsiku. Kompyuta ya muofesi yasanduka poika mafaelo. Ndikuphunzirira pa foni, imene ndikutchajitsa kwa wometa tsitsi wina wa jenereta pafupi ndi msika.

Malipiro achedwa, choncho ndayesa koyamba pa nkhani yeniyeni. Ndalemba kuti, "Lemba chidziwitso cha malipiro." Ndisanaphethire, kalata yatuluka: ndime zisanu zothokoza antchito okondedwa chifukwa cha kudzipereka kwawo, n'kutsiriza ndi kuwafunira mwezi wa chisangalalo. Za kuchedwa mulibe. Ndikanaimata pa bolodi ya zidziwitso, bwenzi lero ndikulemba kabukuka ndili ku chipatala.

Mwana wa mkulu wanga uja ataiona anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amama aang'ono, mwaiuza kuti malipiro achedwa?" Sindinaiuze. Zimene umalembera makinawa amati prompt, ndipo iwo sadziwa china koposa chimene waikamo. Ndalembanso: wolemba ndi ofesi, owerenga ndi alonda amene ambiri analekezera sukulu ku pulayimale, malipiro achedwa ndipo alowa Lachisanu, tipepese kamodzi kokha, mizere isapitirire isanu, iwerengeke mokweza pa pareti. Yatuluka yabwino, yoti ndangosinthamo pang'ono. Ndinavina pang'ono pa mpando.

Okutobala, koyambirira

Alonda amandifunsa za penshoni ya NAPSA pafupifupi tsiku lililonse, makamaka chiyambire Epulo 2023, pamene lamulo linalola munthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zake asanapume pa ntchito. Ndaganiza zokonza pepala limodzi loyankha mafunso awo. Makina anena zoona kuti wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo wolemba ntchito amaikaponso 5 peresenti. Kenaka, ndi mawu odekha omwewo, awonjezera tsiku lomaliza lofunsira ndalamazo, ndi nambala ya foni yoimbira. Ndasindikiza.

Mwayi wake pepala linadutsa pa tebulo la a zandalama. "Ba madam, tsiku ili mwalitenga kuti?" Ndati kwa AI. Iwo angondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Tsikulo kulibe kulikonse, nambalanso si ya ofesi iliyonse.

Akatswiri amati hallucination, kutanthauza kuti makina apeka chinthu n'kuchinena ngati choona. Sikuti amafuna kunama. Ntchito yawo ndi kulosera mawu omveka oyenera pamalopo, ndipo pa chidziwitso chotere pamayenera kukhala tsiku, ndiye aikapo tsiku. Ali ngati munthu uja umamufunsa njira m'tinjira ta m'kati mwa Chainda: sangayerekeze kunena kuti sadziwa, amakulozera molimba mtima, iwe n'kukatulukira ku Chelstone.

Ndatonthozedwa pomva kuti akuluakulu anagwamo kale. Mu 2023 maloya awiri ku New York analipitsidwa madola 5,000 atapereka ku khoti milandu yakale imene makina anangoipeka. Nkhani ya Air Canada ndiyo inandigwira mtima. Munthu wopita ku maliro a agogo ake anauzidwa ndi makina oyankha makasitomala a kampaniyo kuti akhoza kufunsa mtengo wotsika wa ofedwa atayenda kale ulendo, pamene malamulo a kampani sanali otero. Kampani inayesa kunena kuti makinawo adziyankhire okha, koma mu Febuluwale 2024 bwalo la ku British Columbia linagamula kuti zonenedwa ndi makina ako ndi zako. Kwathu kunonso mlonda akakwera minibasi mpaka m'tauni chifukwa cha tsiku labodza, ya basi adzaifuna kwa ine.

Okutobala, kumapeto

Ndandanda ya mashifiti imandidyera Lachinayi lonse. Ndinakopera faelo yonse kuti makina aikonze, chala chili pa batani lotumizira, a zandalama omwe aja n'kutulukira. Mufaelomo munali maina, manambala a ziphaso za NRC, mafoni, ndi maadiresi a nyumba zimene timalondera, pamodzi ndi maola amene pa geti pamakhala mlonda mmodzi yekha. Kampani ya alonda kutumiza zimenezi kwa mlendo!

Zimene umalemba m'mapulogalamuwa sizikhala m'foni mwako. Zimapita ku makompyuta a eni ake kunja kwa dziko, ndipo ena amazigwiritsa ntchito pophunzitsa makina awo pokhapokha utatseka zimenezo m'ma settings. Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito mapulogalamu otere mu Meyi 2023, ena ataikamo zinsinsi za kampani. Ifenso tili ndi Data Protection Act ya 2021, imene imateteza zambiri za munthu ndi kuika malire pozitumiza kunja kwa Zambia. Tsopano ndimalemba Mlonda A, Mlonda B, Nyumba 1, Nyumba 2, maina enieni n'kumabwezeretsa ndekha pambuyo. Ndandanda ikutha nsima ya masana isanapse.

Novembala, koyambirira

Ndayesa Chinyanja. Makina alemba chidziwitso cha yunifolomu m'chilankhulo chooneka bwino pa pepala, chofanana ndi cha pa wailesi ya ku Lilongwe ndi cha m'Baibulo. A sajeni atachiwerenga pa pareti, alonda anaima chilili ngati alowa m'tchalitchi, mmodzi kumbuyo n'kuti, "Ameni." Pareti yonse inagwa ndi phwete.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makinawa amaphunzira pa zolembedwa, ndipo Chinyanja chambiri cholembedwa pa intaneti ndi cha ku Malawi ndi cha mabuku a mipingo. Cha m'komboni muno, chosakaniza ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chizungu, chimakhala pakamwa, sichinalembedwe kwambiri. Njira imene tapeza: makina amakonza mfundo m'Chizungu chophweka, ine ndi a sajeni timaziika m'chilankhulo cha pa geti, kenaka a sajeni amajambula mawu awo n'kutumiza pa gulu la WhatsApp. A mafoni amabatani amamvera kwa anzawo pa shifiti.

Novembala, kumapeto

Nduna ya zaumisiri ndi sayansi, a Felix Mutati, akhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI ya 2024 mpaka 2026. Abwana atamva pa wailesi, moto uja wayakanso: ndikalankhule kwa antchito onse. Anzanga a m'makampani aakulu ali ndi bungwe lawo, Zambia Institute of Public Relations and Communication, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, ndipo ali ndi maholo ndi mapurojekita. Ine ndili ndi bwalo la fumbi ndi foni ya galasi losweka.

Ndinakonza mawu okoma onena za tsogolo. Sindinafike nawo patali. Mdala wina amene wagwira ntchito kuno kuyambira ndisanabwere anakweza dzanja. "Ba madam, tanenani chabe. Iyi AI ndiye ija ya makamera? Mufuna kutichotsa?"

Ndinapinda pepala langa. Ndinawauza zimene ndikudziwa: makamera ndi nkhani ina, ndipo za mawa sindingalumbire m'malo mwa abwana, chimene tayamba n'chothandiza kulemba, ndipo ngati pali ntchito imene chikuinyemako, ndi yanga, osati yawo. Kenaka ndinawaonetsa. Ndinawerenga chidziwitso cha malipiro choyamba chija, cha antchito okondedwa, anaseka. Ndinafotokoza za tsiku labodza la NAPSA, kuseka kunatha, mafunso enieni n'kuyamba. Wina anafunsa ngati kalata yomuchenjeza idzalembedwa ndi makina. Wina ngati dzina lake lili kale m'menemo. Mdala uja anangoti, "Walira mvula walira matope, ba madam," n'kukhala pansi. Ndaona kuti anthu amamasuka msanga ukawaonetsa pamene chinthu chimapunthwa kusiyana ndi pamene chimawala, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ntchitoyi imagwera ife a mauthenga: ndife timadziwa amene adzafunse chiyani.

Disembala

Mafunso a pa pareti aja ndiwo asanduka malamulo athu, tsamba limodzi lomatidwa pa khomo la ofesi. Dzina la munthu, NRC, malipiro ake ndi adiresi ya kasitomala sizilowa m'makina. Nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi chilichonse chokhudza NAPSA, inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA kapena Employment Code Act ya 2019 chimatsimikizidwa ku gwero lake chisanamatidwe. Wosaina ndiye mwini mawu. Kalata yochenjeza ndi uthenga wa maliro timalemba ndi manja athu. Pa ichi abwana anatsutsa pang'ono, akuti zimenezo ndiye zotenga nthawi, koma a sajeni anawafunsa ngati iwo angakonde kupepesedwa ndi foni.

Chondisangalatsa kwambiri ndachipeza mwangozi. M'malo mouza makina kuti alembe, ndimalemba ndekha, kenaka n'kuwauza kuti, "Ndiwe mlonda wotopa wochokera ku shifiti ya usiku. Werenga ichi, undiuze chimene sunamve." Pa chidziwitso cha tchuthi cha Khirisimasi andifunsa ngati ogwira pa 25 Disembala alandira zowonjezera, ndiponso kuti basi ya kampani inyamuka nthawi yanji. Zonse ziwiri ndinali nditaziiwala, ndipo zonse ziwiri zikanandipeza pa pareti.

Januwale 2025

Mvula yagwa, misewu ya m'komboni yadzaza matope, ndipo nyengo ya kolera yafika. Chaka chatha nthawi ngati ino odwala ankagonekedwa ku National Heroes Stadium, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Ndikukonza uthenga wa kusamba m'manja ndi kuthira klorini m'madzi akumwa a pa geti. Mfundo ndatenga pa mapepala a Unduna wa Zaumoyo, makina angofupikitsa, ndipo namwino wina wa m'dera lathu wavomera kuuwerenga usanatuluke. A Chitonga ndi a Chilozi pakati pa alonda apempha kuti nawonso aumve m'chilankhulo chawo. Zilankhulo zimenezo sindingathe kuona ngati makina alakwitsa, choncho Lachisanu pa pareti ndikafunsa amene angadzipereke kukhala otsimikizira, ndipo abwana avomera kuwagulira bando.