Ukaluza Uziyimbanso Foni

Mwana wanga,

Ndikulemba usiku uno amayi ako atagona, chifukwa mawa pa depoti sindidzatha kulankhula. Umandidziwa, ndikakhala ndi mawu ambiri m'pamene ndimayamba kufunsa ngati watenga sopo. Kalatayi ndaiika pansi pa bolodi yako ya chesi, podziwa kuti ukakafika ku Zomba ndiyo ukayambire kutulutsa, usanayale n'komwe bedi.

Ine ndine munthu wa bawo. Chesi ndaiphunzira kwa iwe ndili kale ndi imvi, ndipo mpaka lero hatchi ndimaiyendetsa ndikuwerenga ndi chala. Koma masiku amene tinkakhala pakhonde titaunjikana pa foni yako, ine ndikudandaula za bandulo, ndinamudziwa munthu uja wa ku China, Ding Liren. Iwe unkayang'ana bolodi, ine ndinkayang'ana nkhope yake. Za iyeyo ndi zimene ndikufuna tikambirane.

Mbiri yake unandiuza ndiwe, choncho sindiibwereza yonse. Anabadwa mu 1992 mumzinda wa Wenzhou, anayamba chesi ali ndi zaka zinayi, ndipo mu 2009, ali ndi zaka 16, anaposa akuluakulu onse n'kukhala katswiri wa dziko lonse la China. Anali m'timu imene inatenga golide pa Olympiad mu 2014 ndi mu 2018. Chimene amayi ako anachikonda koposa n'choti mnyamatayu sanataye sukulu: anakaphunzira zamalamulo pa Peking University. Akuti ndikukumbutse zimenezo, ndiye ndakukumbutsa.

Kuyambira mu Ogasiti 2017 mpaka mu Novembala 2018 anasewera magemu 100 osagonja ngakhale imodzi. M'katikati mwa nthawi yomweyo anagwa panjinga ku Norway n'kuthyoka fupa la m'chiuno, koma atabwerera pabolodi anapitiriza osagonja. Ukanamuona nthawi imeneyo ukanati mtima wa munthuyu ndi mwala.

Mwayi wake waukulu unabwera mokhotakhota. Mu 2022 Sergey Karjakin analetsedwa kusewera, malo ake pa mpikisano wa Candidates, wosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, anatsala opanda munthu, ndipo woyenera kulowapo anali Ding. Vuto linali lakuti chifukwa cha mliri wa Covid anali asanasewere magemu 30 amene malamulo amafuna. Kwawo anamukonzera mipikisano mwachangu, iye n'kusewera magemu oposa 20 m'mwezi umodzi. Atafika ku Madrid, gemu yoyamba yeniyeniyo anakwapulidwa ndi Ian Nepomniachtchi. Gemu yomaliza anagonjetsa Hikaru Nakamura n'kuthera pa nambala 2, malo amene zaka zina sapereka mwayi wokalimbirana ufumu. Kenako Magnus Carlsen, amene anali katswiri wa dziko lonse, ananena kuti sakufunanso kuteteza ufumu wake, ndiye nambala 2 uja anapezeka akukalimbirana mpando ndi Nepomniachtchi. Chakudza sichiimba ng'oma. Khomo linatseguka lokha, inde, koma linamupeza atavala kale nsapato.

Ukukumbukira Lamlungu lija, pa 30 Epulo 2023? Ku Astana magemu 14 anali atatha 7 kwa 7, ndipo tsiku limenelo ankasewera zothamanga. Atatu oyamba analepherana. Gemu yachinayi Ding anali ndi zakuda, nthawi ikumuthera, Nepomniachtchi akumupatsa cheki ndi kwini mobwerezabwereza. Akanangosuntha mfumu uku ndi uku, gemu ikanathera pamenepo. Iye anatenga ruku n'kuiika pa g6, kutsogolo kwa mfumu yake, kudzimangirira yekha mwadala. Iwe unalumpha n'kugubuduza kapu ya tiyi, ine osamvetsa kanthu, mpaka unandifotokozera kuti wakana kulepherana, akufuna zonse. Patapita mphindi zochepa mnzakeyo anatambasula dzanja. Ding sanalumphe. Anagwira mutu, nkhope itabisika m'dzanja, n'kukhala choncho kwa kanthawi ngati munthu amene wangotula mtolo wa nkhuni umene wausenza kuchokera kuphiri. Anali mwamuna woyamba wa ku China kukhala katswiri wa chesi padziko lonse.

Iwe nkhaniyi umaikonda kuithera pamenepa. Ine yanga imayambira pamenepa.

Atatenga ufumu uja anasowa pafupifupi miyezi yonse yotsala ya 2023. Atabwerera sanalinso yemwe uja. Ku Norway mu 2024 anathera kumapeto kwenikweni, ndipo posewera ndi Carlsen sanaone msampha woti mfumu yake ifa m'mayendedwe awiri okha, chinthu chimene iwe unachiona pakafoni kosweka galasi. Anthu pa intaneti anamunyoza, ena anamumvera chisoni. Iye sananamizire chimfine kapena ulendo wautali. Ananena poyera kuti akuvutika maganizo, tulo sakutipeza, ndipo wakhala akuonana ndi madokotala. Ngakhale ku Astana komwe, itangotha gemu yoyamba, anauza atolankhani kuti mumtima mwake simuli bwino. Tangoganiza, kunena zimenezo mdani wako ali pompo akumva.

Kwathu kuno timati mwamuna salira. Mawu amenewa ndinakula nawo, ndipo ndikuuza lero zimene anandichita. Uli Sitandade 3, kampani imene ndinkagwirako inatichotsa anthu angapo tsiku limodzi. Kwa miyezi iwiri ndinkadzuka m'mawa, kusita malaya, kupukuta nsapato, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumsika ndikusewera bawo mpaka dzuwa litapendeka. Amayi ako anadzazindikira ngongole zitafika m'khosi. Chimene chinawapweteka sichinali kutha kwa ntchito ayi. Anandifunsa kuti, kodi miyezi yonseyi mumadya nsima yanga mukundiona ngati ndani? Funso limenelo sindinaliyankhe mpaka pano.

Ndikunena izi chifukwa khalidwe limeneli ndaliona mwa iwe. Utaluza gemu yomaliza pa mpikisano wa masukulu uli Fomu 3, unadzitsekera m'chipinda masiku atatu. Mlongo wako ankasiya mbale pakhomo, n'kudzaipeza nsima itauma, ntchentche zili ng'waa. Ukapambana nyumba yonse imadziwa usanalowe pageti. Ukaluza umangoti zii, ndipo ife timayenda monyang'ama ngati pali maliro. Pano tinkatha kugogoda. Ku Zomba adzagogoda ndani?

Kumeneko ukakumana ndi anzako amene nawonso anali nambala wani kusukulu kwawo. Tsiku lina pepala lidzabwera ndi malikisi amene sunawaonepo chibadwire. Ndalama idzatha mwezi usanathe. Mwina mtsikana adzakukana, kapena adzakulola n'kukusiya. Zonsezi sizindiopsa. Chimene chikundisowetsa tulo n'choti udzaziyika mumtima wekhawekha, kwinaku pa foni ukutiuza kuti zonse zili bwino.

Ding anapita ku Singapore kukateteza ufumu wake kumapeto kwa 2024 anthu ambiri atamuika kale m'manda. Gukesh Dommaraju wa ku India, mnyamata wa zaka 18, ankaoneka kuti angomudutsa ngati lole. Koma gemu yoyamba anapambana ndi Ding, ali ndi zakuda. Atagonja gemu ya 11, mawa lake anabweza pa gemu ya 12 mwaukatswiri moti iwe unaibwereza pabolodi kanayi. Munthu amene anavomera kuti akudwala ndi yemweyo amene anaima mpaka tsiku lomaliza, 6.5 kwa 6.5. Kuulula sikunamuchotsere mphamvu.

Za pa 12 Disembala sindikufuna kukhalitsapo, unalira mokwanira. Gemu inali yoti alepherana, aliyense akuona choncho. Pa kuyenda kwa 55 anaika ruku pa f2 kuti asinthane, kuiwala kuti bishopu wake wapanikizika pakona ndipo nayenso asinthidwa, n'kutsala ndi mathero oluza. Ruku inamupatsa ufumu, ruku yomweyo n'kumulanda. Ndimaganiza kuti anatopa, anafuna kuti zithe msanga. Amenewo ndi maganizo anga chabe a munthu wa bawo. Ukatopa usamasaine kanthu, usamayankhe uthenga wokupsetsa mtima, usamabwereke ndalama. Yamba wagona. Koma taona zimene anachita pambuyo pake: anapereka dzanja, anakakhala pamaso pa atolankhani, anavomera kulakwitsa kwake, nanena kuti sakunong'oneza bondo. Sanathawire kuchipinda.

Unandiuzanso kuti mayi ake amamuperekeza m'mipikisano yambiri, munthu wamkulu wa zaka zoposa 30, ndipo ku Astana anali ndi mnzake Richard Rapport womuthandiza kukonzekera. Pabolodi amakhala yekha, koma kuseri kuli anthu. Iwenso ukapeze mnzako mmodzi kapena awiri oti ungawauze zoona, osati ongosewera nawo basi. Ngati tulo tayamba kukuthawa sabata yathunthu, kapena chakudya chasiya kukoma, pita kuchipatala cha pasukulupo ukanene monga momwe ungakanenere malungo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Chesi usaisiye, koma isadye nthawi ya mabuku. Usiku wa mayeso bolodi izikhala m'chikwama. Poni yoyera imene inasowa ija ndaipeza kuseri kwa kabati, ndaikulunga m'kapepala pamodzi ndi ndalama pang'ono zimene amayi ako sakuzidziwa. Chitsekerero cha botolo chimene unkaika m'malo mwake ndasunga ine.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi foni yanga izikhala m'thumba la malaya. Ukapambana uziyimba. Ukaluza, usadikire Lamlungu.

Ndine,
Bambo ako