Chigoba ndi Kansalu pa Egodini

M'Chindebele, dzina lakuti Egodini limatanthauza "kudzenje", ndipo tsinde lake, umgodi, ndi mawu omwe aja amene obwerera kuchokera kuntchito adafika nawo kumudzi nkuwasandutsa mgodi wa m'Chichewa. Mkulu wina wa ku Makokoba, amene bambo ake adachoka ku Dedza wapansi kukakumba m'migodi ya Southern Rhodesia, ankakonda kunena kuti iye adabadwira m'kati mwa mawu amenewa.

Pa 31 Okutobala 2020 mkuluyu adaima m'mbali mwa mpanda wa Egodini, siteshoni ya mabasi imene idatsekedwa kuti imangidwenso, akudikira mdzukulu wake. Mtsikanayo atafika adamuonetsa pafoni ana a ku America atavala zigoba za mizukwa pa tsiku la Halloween. Adaonjeza kuti chaka chimenecho akuluakulu a zaumoyo kumeneko adachenjeza kuti chigoba cha masewera sichilowa m'malo mwa kansalu kophimba pakamwa ndi mphuno.

Mkuluyu sadaseke, pakuti nkhani ya zigoba idamugunda pachilonda. Mnzake wa paubwana adamwalira boma litangotseka dziko pa 30 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo adaikidwa mwachangu, popanda ng'oma ngakhale imodzi. Kwa Mchewa wolowa gule, maliro otere ndi ulendo wosaperekezedwa. Tsopano abale ankafuna chikumbutso choti Gule Wamkulu atuluke. Ena ankati adikire kuti mliri uthe, koma odziwa nyimbo zonse adatsala ochepa, ndipo mliriwo unkasankha okalamba. Gule amene UNESCO idamulemekeza mu 2005 akadatha kuzima m'Makokoba chifukwa cha kudikira, monganso akadazima chifukwa cha kuunjikana.

"Agogo, kodi chilombo chingadwale?" adafunsa mtsikanayo.

"Chilombo ndi mzimu, mdzukulu wanga, sichidwala," adayankha pang'onopang'ono. "Koma woomba ng'oma ali ndi chifuwa, ndipo amayi oyimba amapumirana."

Yankho limenelo ndilo lidamasula mlandu. Mwambo sudafunike kukanidwa. Chidafunika nkuteteza amoyo amene amaunyamula. Patatha masabata awiri, pabwalo la fumbi kuseri kwa nyumba, padasonkhana abale okhaokha. Polowera adaika chidebe cha madzi ndi sopo. Oomba ng'oma adakhala motalikirana, wina aliyense ndi ng'oma yake, osasinthana. Amayi adayimba nsalu zili kukamwa, mawu akutuluka olemera ngati ochokera pansi pa nthaka. Chilombo chidatuluka chimodzi chokha, ndipo mphoto zake adaziponya m'mbale m'malo mozipereka pamanja.

Mtsikana uja adaona zimene sadaonepo: kale pabwalo nkhope yobisika inkakhala ya chilombo chokha, koma tsiku limenelo aliyense adali wophimbidwa, amoyo ndi mizimu yomwe.

Chilombo chitabwerera, mkuluyu adasamba m'manja kwa nthawi yaitali. Kenaka adatchula dzina la mnzake uja, namuuza kuti njira tsopano yatseguka.