Za Kukulunga Ciongolero ca Njinga ya Liwiro

Njinga zimene tizidziwa m'midzi mwathu ziri ndi ciongolero cotambalala, ndipo ku nsonga zace ziwiri kuli timphira togwirapo manja. Koma iripo njinga ya mtundu wina, yopepuka ndi ya matayala oonda, imene anthu a ku Ulaya anaipangira liwiro. Ciongolero cace ncopindika ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Wokwera njinga yotere sagwira malo amodzi ai. Pokwera citunda agwira pamwamba, pafupi ndi khosi la njinga. Pa njira yabwino atsamiritsa manja pa mitu ya mabuleki. Ndipo pothamanga, kapena polimbana ndi mphepo, awerama nagwira kunsi kwa nyangazo. Cifukwa ca ici timphira tiwiri sitikwanira, koma citsulo conse acikulunga ndi kansaru kakatali kamene akacha tepi. Njinga zotere zafika ndi kuno komwe, zambiri zokwerapo kale anthu ena, ndipo kawirikawiri tiziona ndi tepi yolendewera ngati sanza. Ncifukwa cace tifuna kulongosola makulungidwe ace.

Wina adzati, Kodi kansaru kokha nkulembera nkhani? Koma taganizani za manja a munthu. Mpikisano waukuru wa njinga wochedwa Tour de France unayamba m'caka ca 1903, ndipo caka cimeneco okwera anayenda makilomita 2,428. Masiku ano ayenda oposa 3,000 m'masabata 3. Ulipo mpikisano wina wakale koposa, wa Paris–Roubaix, woyamba mu 1896, umene upita pa misewu yoyala miyala makilomita oposa 50. Pamenepo njinga injenjemera kosaleka, kotero kuti ambiri akulunga tepi kawiri, ina pamwamba pa inzace, ndipo ngakhale atero ena atsiriza ndi matuza m'zikhato. Citsulo copanda kanthu citerera ndi thukuta kapena mvula, cicititsanso dzanzi m'zala. Ndipo zala zadzanzi sizigwira buleki msanga potsetsereka.

Tsono cinsinsi ca nchito iyi sicacilendo kwa ife, pakuti yense wofolera nyumba acidziwa. Wofolera sayambira pamwamba pa tsindwi ai. Ayambira pansi, nakwera pang'onopang'ono, ndipo udzu wa pamwamba ubisa mitu ya udzu wa pansi, kuti mvula potsika ingotsetsereka osapeza polowera. Pa ciongolero mvula ndiyo dzanja. Dzanja la wokwera lilemera kutsikira kunsi ndi kunja tsiku lonse. Cotero mmisiri ayambira ku nsonga ya nyanga, nakwera kumka ku khosi, mkombero uli wonse ukubisa mphepete mwa unzace. Akayambira pamwamba kutsika, mphepete zonse ziyang'anana ndi dzanja, ndipo dzanjalo lizipinda imodzi imodzi monga mwana afunyulula ngondya za buku lace la kusukulu. Ife aphunzitsi mabuku otere tiwadziwa bwino.

Koma si pokhapo ai. Dzanja silingotsetsereka, lipotanso. Munthu akagwira kunsi kwa nyanga nalimbika kupalasa, manja ace apotokolera kunja. Akagwira pamwamba, akokera kwa iye mwini. Tsono tepi iyenera kuzungulira njira yomweyo imene dzanja lipotera, kuti kupota konse kwa wokwera kuzionjeza kuimanga. Potero kunsi kwa nyanga tepi idutsa pamwamba pa citsulo kuturukira kunja, ya kumanja kumka kumanja, ya kumanzere kumka kumanzere. Ndipo pafupi ndi khosi idutsa pamwamba kubwera kwa wokwera. Amisiri ena atsutsana za mbali ya pamwambayi, koma ife tiona kuti wofuna kudziwa angogwira ciongolero monga acita pa ulendo, napenye kumene zikhato zace zilinga. Yokulungidwa mosemphana ndi dzanja ioneka bwino tsiku loyamba monga inzace, koma mwini wace aimasula yekha osadziwa, pang'ono pa citunda ciri conse.

Mpukutu umodzi utalika ngati mamita 2, ndipo ukwanira mbali imodzi yokha. Cotero wokulunga ayese bwino. Mkombero ubise gawo limodzi la magawo atatu a unzace, kapena theka pamene afuna pofewa. Pa malo opindika tepi ithinana m'kati nitanuka kunja, tsono maso akhale kunjako, pakuti ndiko kuoneka citsulo. Aikoke molimba, koma osati mwaukali, ingaduke. Pobvuta koposa ndi pa buleki, pamene kalamba ka citsulo kagwira ciongolero: ena ayamba aphimba kalambako ndi kacidutswa ka tepi, ena azunguliza tepi mopingasa ngati nambala 8. Zonse ziwiri nzabwino.

Poyamba peni peni mmisiri asiya tepi pang'ono yopitirira nsonga ya citsulo, ndipo atatha aipindira m'kati mwa dzenje, nakhomerapo cotsekera. Cotsekera ici tisaciyese cokometsera cabe. Ciongolero ndi mpope, ndipo nsonga ya mpope yosatseka, munthu akaigwera ndi mimba kapena nchafu, iboola mnofu monga cisongole ciboola phazi, koma bala lace ndi lalikuru. Ncifukwa cace malamulo a mipikisano salola njinga ya nsonga zosatseka.

Tifike tsono pa matsirizidwe, pamene tepi ithera pafupi ndi khosi. Aidula mopendeketsa kuti mathero ace akhale oongoka, ndipo ambiri masiku ano amangapo tepi yakuda ya amisiri a magetsi. Igwira ndithu, malinga mkombero wotsiriza auike osautanula. Pakuti yotanulidwa ibwerera yokha ikatenthedwa, nisiya ulimbo wakuda m'manja. M'dzuwa lathu la October cimeneci sicicedwa.

Koma ife mtima wathu uli pa njira yakale. Asanadze matepi a masiku ano, okwera anali kukulunga ndi nsaru ya thonje yoomba, monga ija ya Velox ya ku France. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1970, inachuka tepi yonyezimira ya pulasitiki ya Benotto, yokongola koma yosafewetsa kanthu. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 a Cinelli a ku Italy anaturutsa tepi yofewa yosanganiza ndi cork, ndilo khungwa la mtengo wina wocuruka ku Portugal, umene ausenda kamodzi pa zaka 9 osaupha. Yofewayi inapambana, ndipo sitiitsutsa, pakuti manja aiyamika. Koma ya thonje inali ndi matsirizidwe ace amene tiwayesa oposa. Mmisiri atenga kacingwe kolimba, napinda nsonga yace ngati khwekhwe, naigoneka pa ciongolero. Azunguliza kacingweko pamwamba pa khwekhwelo mothithikana, napisa nsonga yotsala m'diso lace, nakoka, kufikira nsongayo italowa pansi pa mikombero. Palibe mfundo yooneka, palibenso ulimbo. Akuru athu omanga mibvi akadaona akadati, Iyi ndi nchito yathu.

Atatha kumanga apaka shellac. Ameneyu ndi utomoni umene tizirombo tating'ono tiusiya pa nthambi za mitengo ku India ndi ku Thailand; ausungunula m'sipiriti, naupaka pa nsaru ndi pa cingwe kangapo, kulinda kuti uume asanapakenso. Nsaru yoyera isanduka yofiirira ngati uci, niuma gwa, madzi osalowa. Ndipo apa tizindikira cifukwa cace akale ambiri anali kukulunga kuyambira pamwamba kutsika, namaliza m'dzenje la ku nsonga, osabvutika: nsaru yao inali yopyapyala, ndipo pamene anaipaka utomoni mphepete zinamatika, dzanja losapeza pozitukulira. Lamulo la wofolera liwawa pa tepi yocindikala ya masiku ano. Ya shellac ikhoza kukhala zaka, ndipo ikaperepeseka angoipakanso. Koma tinene zoona, njouma, ndipo pa misewu yathu ya miyala wokwera adzaimva m'mapewa.

Catsala cinthu cimodzi cobisika. Thukuta liri ndi mcere, ndipo tepi yofewa ilimwa nilisunga pa citsulo. Ziongolero zambiri za njinga izi nza aluminiyamu, amene sacita dzimbiri lofiira loti munthu nkuliona, koma mcere umdya mwakacetecete pansi pa tepi, makamaka pa kalamba ka buleki, kufikira ciongolero cithyoka munthu ali pa ulendo. Cotero wogula njinga yokwerapo kale ena asakondwere msanga ndi tepi yace yokongola. Aimasule yonse, asende mphira wa pa mitu ya mabuleki, napenye citsulo pa dzuwa. Akapeza pfumbi loyera ngati ufa, alipukute ndi kuona pansi pace. Mukakhala timaenje, ciongoleroco asacikulungenso, afune cina.