Nkhoswe ya Galasi ndi Utomoni

Ntchito yanga, imene ndaigwira zaka zambiri mumzinda wa Durban, m'fakitale yopanga matanki a madzi, mapaipi ndi maboti a faibagalasi, ndiyo yosakaniza mankhwala. Ndipo mwa onse amene amadutsa m'manja mwanga, palibe ena amene ndimawalemekeza ndi kuwaopa koposa awo otchedwa silane, ngakhale kuti mlendo wongowaona m'botolo angawayese madzi wamba, popeza alibe mtundu wochititsa mantha ndipo satulutsa utsi. Ndafuna kulemba za iwo chifukwa anyamata ambiri a kwathu akulowa ntchito zotere kuno ku Joni ndi kwina, ndipo amapatsidwa ndowa ndi mthiko tsiku loyamba lomwe, popanda wowakhazika pansi kuwauza chimene agwira.

Chiyambi cha nkhaniyi n'chakuti galasi ndi utomoni sizigwirizana mwa chibadwa chake. Ulusi wa galasi ngwolimba pokoka koma suima wokha. Utomoni, umene pantchito timati rezini, umauma gwaa koma ngwosachedwa kusweka. Ndipo munthu akazisakaniza popanda chomangira, zimaoneka ngati zagwirana pamene zili zouma, koma zikakhala m'madzi miyezi ingapo chinyezi chimalowerera pang'onopang'ono pakati pake, kufikira utomoni utasiyana ndi galasi, thanki niyamba kuchucha. Vuto limeneli linasautsa amisiri m'zaka za m'ma 1940, pamene faibagalasi inali yatsopano, ndipo yankho linapezeka mu silane. Edwin Plueddemann, katswiri wa kampani ya Dow Corning ku America, anathera moyo wake wa ntchito pofufuza mankhwalawa, nalemba buku lake la Silane Coupling Agents m'chaka cha 1982. Chimene akatswiriwo anapeza ndi ichi: kachidutswa kalikonse ka silane kali ndi mbali ziwiri, imodzi yogwira galasi kapena mchenga, inzake yogwira utomoni. Motero silane ndiye nkhoswe ya ukwati umenewu, yodziwika kuchimuna ndi kuchikazi komwe, imene ikakhalapo banja limapirira mvula ndi dzuwa, koma ikasowa limatha pa mkangano woyamba.

Ulusi wa galasi umabwera kwa ife utapakidwa kale silane kufakitale kumene unapangidwa. Gawo langa ndilo kukonza mchenga wosalala ndi ufa wa silika umene timathira mu utomoni kuti katundu alimbe. Mamawa, anzanga asanayambe kudula nsalu za galasi, ndimayeza malita 10 a madzi oyera, n'kudonthezamo asidi wa viniga, ndikuviika kapepala koyezera kufikira katasonyeza pH ya pakati pa 4 ndi 5. Pamenepo ndimayeza pasikelo magalamu 100 a silane wa mtundu umene amisiri akale amautchabe A-174, dzina limene kampani ya Union Carbide inaupatsa, ndi kuthira pang'onopang'ono, makina otakasa akuzungulira. Poyamba timadontho tamafuta timayandama ndi kuvina pamwamba pa madzi, ndipo wophunzira wopupuluma amayesa kuti zakanika. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti pakapita mphindi makumi atatu kapena kuposerapo timadontho tija timazimirira, madzi nayera mbee, ndipo ndicho chizindikiro chakuti silane wamwa madzi, wakonzeka kugwira. Madzi amenewo ayenera kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo, chifukwa akagonera amachita mbuu, tizidutswa ta silane titayamba kugwirana tokhatokha m'malo mogwira mchenga. Tikawaza pamchenga, timauumitsa mu uvuni wotentha madigiri 110, ndipo chimangocho chikamangika sichimasuka msanga.

Tsono mverani, inu amene mukulowa kumene ntchitoyi, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mphamvu imene imampatsa silane ulemu wake ndi yomweyo imene imamsandutsa mdani wa thupi: iye amafunafuna madzi, ndipo safunsa ngati madziwo ali m'ndowa, m'diso la munthu, m'thukuta la m'manja kapena m'mapapo. Silane wa mtundu wa methoxy, monga A-174 ndi A-187, akakumana ndi madzi amatulutsa methanol, ndipo si pang'ono ayi: kilogalamu imodzi ikasungunuka yonse imabala magalamu pafupifupi 400. Methanol ameneyu, amene amanunkhira ngati mowa wamba, akalowa m'thupi, kaya pomwa, kaya popuma nthunzi yake, kaya kupyolera pakhungu, chiwindi chimamsandutsa asidi wa formic, amene amaononga mitsempha ya maso. Masipuni awiri aang'ono akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo ochulukirapo akhoza kumupha. Choopsa chinanso n'chakuti ululu wake umachedwa kuonekera, mwina maola 12, mwina 24, kotero kuti munthu amaweruka ali bwinobwino, nadzuka m'mawa mwake mutu ukuwawa, akusanza, maso akuona chifunga. Wotere asagone kunyumba kuyembekeza kuti zipita zokha. Athamangire naye kuchipatala, atanyamula pepala la chitetezo limene limabwera ndi mankhwalawo, pakuti madokotala ali nacho chothandizira ngati munthu wafika msanga.

Mtundu wina, A-1100, umene timagwiritsa ntchito ndi utomoni wa epoxy, sutulutsa methanol koma ethanol, ndipo ena pomva zimenezi amauyesa wofatsa. Koma uwu ndiwo woocha. Fungo lake lonunkha mwansombansomba limadziwika munthu akangotsegula chivindikiro, ndipo dontho lake likagwera pakhungu limadya mnofu mwakachetechete, likagwera m'diso likhoza kulizimitsa kosabwereranso. Ndinaona mnyamata wina, wakhama ndithu pantchito, amene anapukuta pakamwa pa chigubu ndi kansanza, naika kansanzako m'thumba la ovololo. Pofika masana ntchafu yake inali itafiira ndi kutuluka matuza, ndipo kuyambira pamenepo khungu lake silinafunenso kuyandikira mankhwalawo, popeza ndi amodzi mwa aja amene thupi likadana nawo kamodzi limachita ziwengo nthawi zonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chifukwa chake sindigwira chigubu cha silane ndisanavale magalasi otseka maso mbali zonse, chishango cha kunkhope, epuloni ndi magolovesi okhuthala a mphira wa butyl. Ndipo ndisanatsegule, ndimayamba ndayesa mpopi wotsukira maso ngati ukutuluka madzi, pakuti lamulo ndilo kutsuka diso mphindi 15 zathunthu, zikope zili zotsegula, ndipo nthawi imeneyo si yofunafuna kiyi kapena ndowa. Kansalu ka kumphuno kotchinga fumbi sikaletsa nthunzi, ndipo ngakhale zosefera wamba za nthunzi sizimgwira methanol nthawi yaitali; chitetezo chenicheni ndicho makina okoka mpweya pamwamba penipeni pa ndowa, ndi mazenera otsegula.

Kusunga nakonso kuli ndi mwambo wake, makamaka kuno ku Durban kumene mpweya wa kunyanja umakhala wa chinyezi chaka chonse. Mgolo ukasiyidwa wosatseka bwino, chinyezi chimalowa, silane nayamba kulimba ngati phala, ndi methanol kuunjikana m'kati mwake. Ndipo methanol amayaka msanga, ngakhale tsiku lozizira, ndi lawi lofooka limene masana silioneka bwino ndi maso, kotero kuti munthu akhoza kuliponda asanadziwe kuti pali moto. Motero migolo timaisunga pamthunzi pouma, kutali ndi owotcherera zitsulo ndi osuta fodya, chozimira moto cha ufa kapena cha thovu chili pafupi. Mankhwala akatayikira pansi sitithirapo madzi, sitiwakankhira m'ngalande. Timawaphimba ndi mchenga wouma, n'kuwola ndi fosholo, n'kutsekera m'chitini cholembedwa dzina, pokumbukiranso kuti simenti yonyowa ndi silane imaterera koopsa.

Sindingathe kutchula ufa wa silika osakumbukira makolo athu amene anapita kumigodi ya golide pa ulendo wa Wenela, nabwerera kumudzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Fumbi limene linawadya mapapo ndi lomweli limene lili m'matumba amene ndimatsegula; ndipo ngakhale makampani a migodi anavomera m'chaka cha 2018 kupereka chipukutamisozi cha marandi 5 biliyoni kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, ndalama sizibwezera munthu mpweya wake. Kupaka silane sikuchotsa ululu wa fumbilo. Thumba litsegulidwe pansi pa makina okoka mpweya, munthu atavala chosefera choyenera, ndipo pansi pasasesedwe ndi tsache louma.

Zonsezi sizobisika. Mankhwala aliwonse amabwera ndi pepala lake la chitetezo, la zigawo 16, m'mene chigawo chachinayi chimanena za chithandizo choyamba ndipo chachisanu ndi chitatu chimanena za zovala ndi mpweya. Pamgolo pamakhalanso zithunzi zozunguliridwa ndi mzere wofiira, china cha lawi la moto, china cha dzanja likudyeka ndi dontho, zimene ngakhale wosadziwa Chingerezi akhoza kuzimva. Lamulo la dziko lino la Occupational Health and Safety Act la 1993 limakakamiza wolemba ntchito kuphunzitsa antchito ake za zoopsa ndi kuwapatsa zodzitetezera kwaulere. Koma ndaona abale anga ambiri akuchita manyazi kufunsa, poopa kuti kapitawo awayesa amwano kapena kuti malo awo apatsidwa kwa wina. Ndipo ndimawauza mawu a akulu akuti safunsa anadya phula, ndi kuti ntchito ikatha ina imapezeka, koma maso ndi awiri okha amene Mlengi anatipatsa.

Chotero ndikupemphani, inu achinyamata, ndi inu makolo amene ana anu ali m'mafakitale: musagwire chimene simunawerenge dzina lake; musatsanulire silane m'botolo la chakumwa, ngakhale kwa kanthawi; musadyere nsima pamalo osakanizira; ndipo mgolo umene munali mankhwala musapite nawo kunyumba kukasungiramo madzi kapena kufululiramo mowa, ngakhale utatsukidwa kangati. Ntchitoyi ndi yabwino ndi yolemekezeka, ndipo thanki yopangidwa mwaluso imamwetsa mudzi zaka zambiri. Igwireni mwa dongosolo lake, kuti mudzabwerere kwanu muli ndi maso openya ndi chifuwa chopuma bwino.