Anawayeza kale, bwanji akuwatenganso magazi?

Amayi anzanga ndi nonse amene mukudwazika matenda a impso, lero ticheze za kuyeza magazi.

Malume anga atakhala miyezi ingapo pa dialysis, makina osefa magazi aja, akazi awo anandiimbira foni atakwiya. "Iwe ndiwe namwino, tandiuza. Anawayeza kale matenda a chiwindi n'kuwapeza alibe. Lero awatenganso magazi. Munthu magazi ake ndi ochepa kale, akupita nawo kuti?" Anali atatsala pang'ono kuwauza malume kuti azikana.

Sindinawaseke, chifukwa funsoli ndi lomveka. Zimene ndinawayankha ndikuuzaninso inu.

Matenda otupa chiwindi a hepatitis B ndi C amafala kudzera m'magazi. Munthu wa dialysis amabayidwa kangapo pa sabata ndipo magazi ake amadutsa m'makina, choncho chiopsezo chake n'chachikulu kuposa cha inu ndi ine. Komanso matendawa amatha kukhala zaka osaonetsa chikasu m'maso.

Kayezedwe kofala ka hepatitis C sikafufuza kachilombo kenikeniko. Kamafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwa amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti aoneke. Kwa munthu amene impso zake zinasiya kugwira ntchito, chitetezo cha m'thupi chimakhala chofooka, moti asilikali aja amatha kuchedwa kuposa pamenepa, mwinanso osaoneka n'komwe. Zotsatira zitha kunena kuti alibe pamene kachilombo kali m'thupi. N'chifukwa chake odwalawa amayenera kuyezedwanso miyezi 6 iliyonse. Adokotala akakayikira, amapempha kayezedwe ka PCR, kamene kamapeza kachilombo kenikeniko.

Zimachitikanso mosiyana. Wina thupi lake linathana kale ndi hepatitis C, koma asilikali anatsala, ndiye zotsatira zimaonetsa ngati akudwalabe. Winanso akangobayidwa katemera wa hepatitis B, magazi ake amatha kuonetsa kwa masiku angapo ngati ali ndi matendawa pamene alibe. Choncho zotsatira zoyamba zikatuluka, musathamangire kulira kapena kulozana zala m'banja. Dikirani zotsimikizira.

Mukamaperekeza wodwala, nyamulani kabuku ka kuchipatala. Onetsetsani kuti tsiku limene anayezedwa ndi limene anabayidwa katemera zalembedwamo. Ngati anaikidwapo magazi kapena kusefedwa kuchipatala china, auzeni anamwino. Musaope kufunsa kuti, "Mwayeza asilikali kapena kachilombo?"

Magazi amene amatenga ndi a m'kabotolo kakang'ono, sangamufooketse munthu. Koma chiwindi chikamawonongeka mwakachetechete impso zili kale pa makina, vuto limakula. Hepatitis C akapezeka amachizika ndi mapiritsi a miyezi pafupifupi itatu, ndipo wa B ali ndi mankhwala omuchepetsa mphamvu.

Malume sanakane kuyezedwa. Masiku ano akazi awo ndi amene amakumbutsa anamwino kuti miyezi 6 yakwana.