Maso a Nkhono

Kamera yanga yoyamba, imene mlamu wanga adandigulira ku Johannesburg m'chaka cha 1996, idali Panasonic ya paphewa, yolemera ngati khanda, ndipo m'mimba mwake munkalowa tepi yaikulu ya VHS, ija yolembedwa E-180 yotenga maola atatu. Tsono ine, pokhala mnyamata wa magazi otentha amene sadagwade pamapazi a mphunzitsi aliyense, ndidayesa kuti popeza chida chalowa m'nyumba, luso nalonso lalowa nacho pamodzi. Masiku amenewo Television Malawi idali isanatsegulidwe, pakuti idayamba mu 1999, kotero kuti munthu kudziona yekha akuyenda ndi kuseka pa kanema chidali chozizwitsa, ndipo wonyamula kamera ankapatsidwa mpando pafupi ndi ankhoswe.

Ukwati woyamba ndidaujambula ku Ndirande, ndipo chala changa sichidachoke pa kabatani kaja ka zumu kolembedwa W ndi T, kukoka nkhope ya mkwatibwi n'kuikankhanso, kuthamangira nthungululu uku n'kulumphira kwa ovina uko, ndipo titaika tepiyo mu deki madzulo ake, banja lonse litasonkhana, amayi ake a mkwati adapenya kanthawi, nagwira mutu, nati, "Mwananga, kodi ukwatiwu udachitikira m'bwato pakati pa nyanja?" Ndidachita manyazi kwambiri, komatu tsiku lomwelo ndidamvetsa chimene makolo ankatanthauza ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu amene mwagula kamera kapena foni, nimufuna kusunga chinkhoswe cha mlongo wanu kapena ubatizo wa mwana, imvani izi. Zumu imakulitsa chinthu chakutali, koma imakulitsanso kunjenjemera kwa dzanja lanu. Chifukwa chake yendani ndi miyendo yanu musendere pafupi, mupanikize zigongono m'nthiti, mutsamire khoma kapena mtengo ngati mulibe choimikira cha miyendo itatu, ndipo pa chithunzi chilichonse muwerenge chamumtima kufikira khumi musanasunthe. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. M'tchalitchi zenera lowala likakhala kumsana kwa akwati, kamera imachepetsa kuwala kuti isathobwe, ndipo nkhope zawo zimasanduka mithunzi yosazindikirika. Batire yachiwiri musaisiye, pakuti magetsi a kuno sawerengera tsiku la ukwati.

Koma chimene ndidachedwa kuchidziwa, chimenenso ndimachiyesa chachikulu koposa zonse, ndi mawu. Maikolofoni ya pakamera ilibe ulemu ngati khutu la munthu, limene limasankha liwu la mkulu pakati pa khamu. Iyo imamva chimene chili pafupi nayo, kaya ndi mphepo ya Chiperoni, kaya kupuma kwa wojambula mwini, kaya zimkuzamawu za pa perekaniperekani zimene zimameza zonse. Zaka zambiri ndidataya matepi pa anthu oponya ndalama m'lichero, amene amafanana pa ukwati uliwonse, koma pamene nkhoswe yaikulu ikupereka mwambo, kapena agogo akudalitsa mdzukulu ndi mawu onjenjemera, ndinkaima kutali kuopa kusokoneza. Lero ndimapempha chilolezo kwa eni mwambo pasadakhale, ndimagwada pafupi monga amagwadira mkamwini, ndipo sindidula kufikira wolankhulayo atakhala pansi. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo m'ntchito yathu amagonera zaka makumi awiri.

Matepi adasintha, MiniDV yaing'ono ya mphindi 60 idabwera, kenaka timakadi, tsopano foni. Ndipo ntchito yanga yambiri masiku ano ndiyo kutsitsira matepi akale mu kompyuta nkhungu isanawamalize, pakuti tepi yosungidwa m'sutikesi pansi pa bedi nyengo ya dzinja imamera zoyera ngati ufa, ndipo yogonekedwa pamwamba pa sipika maginito amaiwononga. Iimikeni chilili ngati buku, pamalo pouma.

Chaka chatha kudabwera mayi wina ndi tepi yokulunga m'chitenje, ya ukwati wake umene ndidajambula ine ndemwe; ndidaipukuta masiku awiri, ndipo itayamba kuoneka ndidafuna kumuonetsa diresi lake ndi galimoto lokongoletsedwa, koma iye adati, "Pitirirani, bambo, pitirirani," kufikira tidafika pamene bambo ake, amene adatisiya kale, adaimirira kuti ayankhule. Ndidali nditaima kutali tsiku limenelo, ndipo mawu awo ankamveka pang'ono chabe pansi pa phokoso la jenereta. Mayiyo adasendeza mpando, nagunditsa khutu pa sipika, nandipempha kuti ndibwezenso kachitatu.